M'mera mpoyamba: wofuna kusewera Ultima ayambire pa nambala 4



Pakati pa ophunzira okonda makompyuta pali funso limene limabwera kawirikawiri tchuthi chikamayandikira: magemu akale otchuka aja, amene ali ndi manambala otsatizana, munthu ayambire pati? Funsoli limaoneka laling'ono, koma kumbuyo kwake kuli maola ambiri a mwana. Gemu ya mtundu umenewu sitha madzulo amodzi ngati bawo. Imadya masabata, ndipo nkhani yake imayenda m'mutu mwa wosewera ngakhale kompyuta itazimitsidwa. Kusankha koyambira ndiye kusankha chimene mwana adzakhale akuganizira tchuthi chonse, komanso khalidwe limene gemuyo idzamupatsire mphoto tsiku ndi tsiku.

Titenga mndandanda umodzi wotchedwa Ultima, umene uli ndi magemu 9 a manambala ndipo ambiri amautenga ngati kholo la magemu a nthano a pakompyuta. Maganizo athu ndi akuti wofuna kuudziwa ayambire pa nambala 4. Asayambire pa nambala 1 ngakhale kuti ndiye woyamba kubadwa, ndipo asathamangire nambala 7 ngakhale kuti ndiye wokongola m'maso. Tifotokoza zifukwa zake, titchulanso zovuta za nambala 4 yomweyo, ndi zinthu zina za m'gemumo zimene kholo la Chisilamu liyenera kuzidziwa lisanavomere.

Ultima ndi chiyani?

Ultima inayambitsidwa ndi Richard Garriott, amene anakulira ku Texas m'dziko la America ndipo anayamba kugulitsa magemu ake asanakwanitse zaka 20. Magemuwa ndi a mtundu umene amautcha RPG. Wosewera amatenga mbali ya munthu mmodzi wa m'nthano, n'kumayenda naye m'mizinda, m'nkhalango ndi panyanja. Amalankhula ndi anthu, amagula chakudya ndi zida, amamenyana ndi zilombo, ndipo munthu wakeyo amakula mphamvu pang'onopang'ono mpaka kufika pamapeto a nkhani.

Ultima yoyamba inatuluka mu 1981 pa kompyuta ya Apple II. Yachiwiri inatsatira mu 1982, yachitatu mu 1983, chaka chimene Garriott pamodzi ndi mchimwene wake Robert, bambo awo Owen ndi mnzawo Chuck Bueche anakhazikitsa kampani ya Origin Systems. Ultima IV inatuluka mu 1985, Ultima V mu 1988, Ultima VI mu 1990. Ultima VII inabwera m'zigawo ziwiri, The Black Gate mu 1992 ndi Serpent Isle mu 1993. Ultima VIII inatuluka mu 1994, ndipo Ultima IX inatseka mndandanda mu 1999. Kampani ya Electronic Arts inagula Origin mu 1992 n'kudzaitseka mu 2004. Mphamvu ya magemuwa inafika kutali: ngakhale Dragon Quest ya ku Japan ya 1986 inatengera zambiri kwa Ultima ndi mnzake Wizardry.

Magemu 9 amenewa amagawika m'magulu atatu. Atatu oyambirira ndi nkhani zogonjetsa mdani mmodzi woipa. Atatu apakati, kuyambira 4 mpaka 6, ndi nkhani za makhalidwe m'dziko lopeka lotchedwa Britannia, lolamulidwa ndi mfumu yotchedwa Lord British. Atatu omaliza ndi nkhondo yolimbana ndi mdani wotchedwa Guardian. Munthu akadziwa magulu amenewa, funso la koyambira limasanduka la zitseko zitatu: nambala 1, nambala 4, kapena nambala 7.

Bwanji osayambira pa nambala 1?

Ophunzira ozolowera mabuku a sukulu anena kuti dongosolo ndi dongosolo: Fomu 1 kaye, kenako Fomu 2. Mfundoyi ndi yabwino pamene buku lachiwiri laimika maziko ake pa loyamba. Koma magemu atatu oyamba a Ultima sanalembedwe motero. Anali ntchito ya mnyamata amene ankaphunzira luso lake uku akuligwira, ndipo ankaponyamo chilichonse chimene chamusangalatsa. Mu Ultima I mumayamba ndi lupanga kukasaka mfiti yotchedwa Mondain, koma pakati pa nkhani mumakwera chombo cha mumlengalenga kukawombera zombo zina, n'kumaliza ndi makina obwerera m'mbuyo m'nthawi. Mu Ultima II mukulimbana ndi Minax, wophunzira wa Mondain, ndipo nkhani imachitikira padziko lathu lomweli m'nyengo zosiyanasiyana. Mu Ultima III mdani ndi Exodus, amene pamapeto pake mumapeza kuti ndi chinthu chonga makina, chogonjetsedwa polowetsamo makadi anayi motsatana bwino. Zimene muyenera kudziwa pa magemu atatuwa kuti mumvetse otsatira ndi zimene tanenazi basi: adani atatu anagonjetsedwa, dziko linagwirizana pansi pa mfumu imodzi.

Chachiwiri, ndipo ichi n'chimene chikutikhudza kwambiri, ndi zimene magemuwa amalipira. M'magemu oyambirirawa njira yachidule yolemerera ndi kuba m'masitolo. Mu Ultima I, kuti mupulumutse mwana wamkazi wa mfumu m'ndende, kiyi ili ndi wanthabwala wa m'nyumba ya mfumu, ndipo osewera ambiri amaipeza pomupha. Palibe chimene gemu imakufunsani pambuyo pake. Garriott mwini wake wakhala akufotokoza kuti Ultima III itatuluka, pamene kampani inali yake ndipo makalata a osewera anayamba kumufika m'manja, anaona kuti anthu amapambana magemu ake mwa kuba ndi kupha anthu osalakwa, uku akutchedwa ngwazi. Anaganiza zosintha, ndipo kusinthako ndiye Ultima IV.

Pali vuto linanso la nthawi. Mwana amene wayambira pa nambala 1 amatha masabata ake pa magemu ouma, obwerezabwereza, ndipo kawirikawiri amatopa asanafike pamene pali nyama yeniyeni. Akatero amachoka akuganiza kuti Ultima yonse ndi kupha zilombo ndi kutola golide. Magemu atatuwa ndi oyenera kuwabwerera pambuyo, ngati mmene munthu amakaonera mudzi umene agogo ake anabadwira atadziwa kale mbiri ya banja.

Zimene nambala 4 imachita

Mu Ultima IV: Quest of the Avatar mulibe mdani wamkulu woti mumuphe pamapeto. Dziko lili pamtendere, koma anthu alibe chowatsogolera, ndipo mfumu ikufuna munthu mmodzi woti akhale chitsanzo cha makhalidwe 8: kunena zoona, chifundo, ungwazi, chilungamo, kudzipereka, kusunga ulemu, uzimu, ndi kudzichepetsa. Makhalidwewa gemu imawamanga pa mizati itatu, choonadi, chikondi ndi kulimba mtima. Khalidwe lililonse lili ndi mzinda wake: Moonglow wa kunena zoona, Britain wa chifundo, Jhelom wa ungwazi, Yew wa chilungamo, Minoc wa kudzipereka, Trinsic wa ulemu, Skara Brae wa uzimu. Mzinda wachisanu ndi chitatu, Magincia, mumaupeza uli bwinja chifukwa eni ake anadzikuza, ndipo wotsala wamoyo woti angakutsatireni ndi mbusa wa nkhosa wotchedwa Katrina.

Gemu imayamba ndi mafunso 7, lililonse likugundanitsa makhalidwe awiri abwino. Limodzi mwa mafunso amene mungakumane nawo ndi lotere: mwatumidwa kukapereka thumba la ndalama zimene mwini wake sanaziwerenge, ndipo panjira mwakumana ndi wopemphapempha. Kodi mukapereka thumba lonse monga munalilandirira, kapena mutapapo kandalama kamodzi kumuthandiza? Mayankho anu ndiwo amasankha ntchito ya munthu wanu ndi mzinda umene muyambire. Mafunso otere ndi oti banja lingakambirane pa mphasa madzulo, ngakhale amene sanagwirepo kompyuta angayankhepo.

Kuchokera pamenepo gemu imayang'anitsitsa zochita zanu mwakachetechete. Amene amagulitsa zitsamba ndi mayi wosaona. Amakuuzani mtengo, n'kukufunsani kuti mupereka zingati. Mukhoza kumupatsa zochepa ndipo katundu mutenga ndithu, koma mbiri yanu ya kunena zoona ndi chilungamo imatsika popanda belu lililonse kulira. Mukatsegula bokosi la golide la eni ake m'mzinda, mwaba. Mukathawa nkhondo, ungwazi umatsika. Mukakantha nyama yosalakwa imene ikuthawa, mwalakwira chifundo. Mukapatsa wopemphapempha, kapena mukapereka magazi kwa asing'anga a m'mzinda, mbiri imakwera. Munthu wina akakufunsani ngati ndinu wopambana onse, n'kuvomera, kudzichepetsa kwapita. Manambala a zonsezi sakuonetsani pa sikirini. Kuti mudziwe pamene muli, mumakafunsa mkulu wotchedwa Hawkwind m'nyumba ya mfumu, ndipo iye sakunyengererani. Ngakhale mutakwaniritsa khalidwe lina, kulakwa kumodzi kungakulandeni zimene munapeza.

Pali chitsanzo china chimene timachikonda. M'nyanja muli chigaza cha Mondain, mfiti ya m'gemu yoyamba ija. Mukachipeza n'kuchigwiritsa ntchito, chimapha adani onse amene ali pafupi nthawi imodzi, koma chimagwetsa makhalidwe anu onse. Njira yoyenera ndi kuchinyamula osachigwiritsa ntchito mpaka kukachiponya m'chiphompho cha moto. Gemu ikuika chida champhamvu m'manja mwa mwana n'kumuyesa ngati angadzigwire.

Ulendowu simuyenda nokha. Anzanu 7, mmodzi kuchokera ku mzinda uliwonse kupatula wanu, amakutsatirani mukakula mokwanira, ndipo kumapeto kwa gemu mumafunika onse, chifukwa mutu umodzi susenza denga. Mapetowo ndi kutsika m'phanga lakuya lotchedwa Great Stygian Abyss, kumene kuli buku lotchedwa Codex of Ultimate Wisdom. Pakhomo pa bukulo chimene chikukudikirani ndi mafunso pa zimene mwaphunzira ulendo wonse. Amene anangodumphadumpha osamvetsera anthu a m'mizinda amabwezedwa.

Ichi ndicho chifukwa chathu chachikulu. Dziko la Britannia, mizinda yake, anzanu monga Iolo, Shamino ndi Dupre, ndi makhalidwe 8 aja, zonse zimene magemu otsatira amadalira, zinakhazikika mu nambala 4. Woyambira pamenepa wagwira tsinde.

Nanga nambala 7, yokongola ija?

Otsutsana nafe amphamvu kwambiri ndi amene amati muyambire pa Ultima VII: The Black Gate, ndipo mfundo zawo si zopepuka. Gemuyi ili ndi zithunzi zamitundu zodzaza sikirini yonse, mumaiyendetsa ndi mawusi, ndipo polankhula ndi munthu mumangosankha mawu amene aonekera. Anthu a m'mizinda amadzuka, kupita kuntchito, kukadya ndi kukagona pa nthawi yake. Mukhoza kutenga ufa ndi madzi n'kuphika buledi. Okonda Ultima ambiri amati iyi ndiyo yabwino koposa, ndipo mwana wozolowera magemu a masiku ano sangavutike nayo ngati mmene angavutikire ndi nambala 4.

Komabe tili ndi zifukwa ziwiri zoikanira ngati khomo lolowera. Choyamba, nkhani yake yonse yagona pa kutayika kwa chinthu chimene woyamba kumene sanachionepo. Mumabwerera ku Britannia patapita zaka 200, n'kupeza kuti anthu aiwala makhalidwe 8 aja, malo amene ankawakumbukirirapo agwa, ndipo gulu latsopano lotchedwa Fellowship, lotsogoleredwa ndi Batlin, likukopa anthu ndi mawu okoma a umodzi uku likutumikira mdani mobisa. Amene anavutikira makhalidwewo mu nambala 4 amamva kuwawa poona zimenezi, ndipo amazindikira msanga pamene mawu a Fellowship akukhota. Woyambira pa 7 amangoona nyumba zakugwa zimene sakudziwa kuti munkakhala ndani.

Chachiwiri ndi msinkhu. The Black Gate imatseguka ndi kuphedwa koopsa kwa mmisiri wosula zitsulo mumzinda wa Trinsic, ndipo mtembo wake umaonetsedwa ndi magazi ake. Mkati mwa gemu mulinso malo a juga ndi a chiwerewere pachilumba cha achifwamba a panyanja. Si gemu yoti mwana wa Fomu 1 apatsidwe chifukwa choti zithunzi zake n'zokongola. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Za nambala 8 ndi 9 sitichedwapo. Ultima VIII: Pagan inachotsa anzanu onse aja, inadzaza kulumphalumpha kumene osewera ambiri anadandaula nako, ndipo nkhani yake ndi yamdima, yodzaza miyambo ya mizimu. Ultima IX: Ascension inatuluka ndi zolakwika zambiri m'mapulogalamu ake. Palibe wokonda Ultima amene angakulozereni kumeneko ngati poyambira, ndipo ife tinganene kuti ophunzira athu sataya kanthu akaisiya nambala 8.

Phindu la kutsata 4, 5, 6

Woyambira pa nambala 4 ali ndi njira yoongoka kutsogolo kwake, ndipo munthu amene mwamulera mu 4 mukhoza kumusamutsira mu 5, kenako mu 6. Magemu awiri otsatirawa amafunsa mafunso ovuta pa zimene nambala 4 inaphunzitsa.

Mu Ultima V: Warriors of Destiny, Lord British wasowa m'mapanga a pansi pa dziko, ndipo womugwirizira mpando, Blackthorn, wagwidwa ndi mithunzi itatu yoimira bodza, chidani ndi mantha. Blackthorn sathetsa makhalidwe 8 aja. Amawasandutsa chikwapu chozunzira anthu, mpaka munthu kumaopa mnansi wake kuti akamunenera. Inu amene munali chitsanzo cha dziko mwasanduka wosakidwa. Phunziro lake ndi la mmene wolamulira wankhanza angabisalire kumbuyo kwa mawu abwino.

Mu Ultima VI, zolengedwa zofiira zamapiko zotchedwa Gargoyle zalanda malo opatulika a Britannia, ndipo gemu imayamba zikufuna kukuphani. Aliyense akuti ndi ziwanda zoyenera kuthedwa. Koma mukaphunzira chilankhulo chawo mumapeza kuti ali ndi mabanja, mabuku ndi makhalidwe awoawo, ndipo dziko lawo likugumuka chifukwa buku la Codex lija, limene anthu a ku Britannia analitulutsa pansi n'kulitenga ngati lawo, linali lopatulika kwa iwonso. Gemu imatha popeza njira yoti mitundu iwiriyi iziwerenga bukulo popanda wina kulanda mnzake. Kulemera kwa nkhaniyi kumamveka kwa yekhayo amene anatsika yekha kukalipeza bukulo mu nambala 4 akuganiza kuti wachita chinthu chabwino chokhachokha.

Zovuta zake tisabise

Ultima IV ndi gemu ya 1985 ndipo imaoneka choncho. Zithunzi zake ndi timabokosi ting'onoting'ono, munthu ndi kachidole ka mizere yochepa. Zonse mumachita pa kiyibodi, ndipo pafupifupi chilembo chilichonse chili ndi ntchito yake. Polankhula ndi munthu mumalemba nokha mawu monga name, job ndi health, kenako mumatola liwu lofunika m'yankho lake n'kulifunsanso. Gemu sikusungirani zimene mwamva. Munthu wa ku Moonglow akakuuzani kuti mukafunse wakutiwakuti ku Jhelom za chinthu chakuti, mukapanda kulemba, zapita. Choncho pamafunika kope ndi cholembera pambali pa kompyuta, tsamba limodzi pa mzinda uliwonse. Zitseko zosamutsa munthu kuchoka dera lina kupita lina zimatseguka motsata maonekedwe a miyezi iwiri ya dzikolo, Trammel ndi Felucca, ndipo wosewera amayenera kujambula tebulo lake kuti azidziwa chitseko chiti chipita kuti.

Chingerezi chakenso ndi chokometsera chachikale, cha thee ndi thou m'malo mwa you. Masiku awiri oyamba chimazunguza, kenako chimazolowereka. Ophunzira asachitengere m'mayeso. Nkhondo zake zimabwerezabwereza ndipo nthawi zina zimatopetsa, makamaka gulu likakula kufika anthu 8 oti aliyense mumuyendetse payekha.

Ife zovuta zambiri mwa izi tikuziona ngati phindu. Gemu imene imafuna kuti mwana awerenge mosamala, alembe manotsi, afananitse zimene anthu awiri anena ndi kudikira nthawi yoyenera, ikumugwiritsa ntchito minofu yomweyo imene amafuna m'kalasi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma tivomereze kuti si mwana aliyense angapirire. Amene wayesa masiku angapo n'kulephera kuzolowera, ayese Ultima VI, imene ili ndi mitundu 256 ndi mawusi, atawerenga kaye mwachidule nkhani ya 4 ndi 5.

Zimene makolo ayenera kudziwa

Magemu a nthano amakhudza zinthu zimene Msilamu sazitenga mopepuka, ndipo Ultima IV ili nazo. Tizitchule poyera kuti pasakhale wodzidzimuka.

Mafunso 7 oyambirira aja amafunsidwa ndi mayi woombeza amene akuyala makadi m'ngolo yake. Zimene akufunsa ndi za makhalidwe, sakulosera za mawa, komabe chithunzicho ndi cha kuombeza, chinthu chimene chipembedzo chathu chimaletsa. M'gemumo muli matsenga, opangidwa posakaniza zinthu monga adyo, ulusi wa kangaude ndi ngale yakuda. Khalidwe lililonse lili ndi kachisi wake kumene munthu wa m'gemu amakasinkhasinkha atalemba liwu lina lapadera. Chizindikiro cha gemu yonse ndi ankh, chochokera ku Egypt wakale. Liwu loti Avatar linachokera ku chilankhulo cha Sanskrit, ndipo m'chipembedzo cha Chihindu limanena za mulungu wotsika m'thupi, ngakhale kuti m'gemumo likutanthauza munthu wamba amene wakhala chitsanzo. Dzina lonse la Ultima VI ndi The False Prophet, kutanthauza mneneri wonyenga. Ili ndi dzina limene a Gargoyle amatchula wosewerayo chifukwa cha tsoka limene anawabweretsera, ndipo silikukhudza Mtumiki aliyense wa Mulungu, mtendere ukhale pa iwo onse. Komabe kholo loona dzinali pa sikirini lili ndi ufulu wofunsa.

Mu makhalidwe 8 aja mulibe mulungu amene akupembedzedwa. Ndi dongosolo limene munthu mmodzi wa ku Texas analipeka kuti nthano yake iyende. Mwana aliyandikire motero, ngati nthano ya kalulu ndi fisi, ndipo asalisakanize ndi zimene amaphunzira ku madrasa. Pali malire ena ofunika kuwaona: kompyuta imawerenga zochita, siona mtima. Osewera ochenjera anazindikira kalekale kuti kupatsa wopemphapempha kandalama kamodzi mobwerezabwereza kumakweza chifundo, ngakhale ukuchita zimenezo pofuna mphoto basi. Ife tikudziwa kuti ntchito imayezedwa ndi niya yake. Mwana amene waona yekha kusiyana kumeneku waphunzira kanthu kamene gemuyo sinathe kumuuza.

Nkhani ino si fatwa. Kholo limene mtima wake sukukhazikika ndi matsenga ndi akachisi a m'nthano likhoza kufunsa mashehe athu, ndipo likakana, mwana amvere popanda kung'ung'udza. Palibe amene analephera moyo chifukwa sanasewere Ultima. Chimene tikupempha n'chakuti kukanako kapena kuvomerako kuchokere pa kudziwa. Mwana amene waletsedwa gemu iyi koma akusewera mobisa pafoni magemu olipira kuba magalimoto ndi kuwombera anthu, sanatetezedwe.

Poyambira penipeni

Ultima IV imapezeka mwaulere ndiponso mololedwa pa sitolo ya pa intaneti yotchedwa GOG, choncho palibe chifukwa chosakira makope akuba. Imabwera ndi pulogalamu ya DOSBox imene imayendetsa magemu akale pa makompyuta a masiku ano, ndiponso mabuku ake ndi mapu a Britannia. Ndi yaing'ono, simaliza bandulo, ndipo kompyuta yakale imene singanyamule magemu atsopano imaiyendetsa bwinobwino. Ikatsitsidwa sifunanso intaneti, mulibe zotsatsa malonda, mulibe zogula zamkati, mulibenso macheza ndi anthu osawadziwa. Ultima V ndi VI ndi zogula pa sitolo yomweyo.

Kwa inu ophunzira: werengani kaye kabuku ka mbiri ya Britannia kamene kamabwera ndi gemuyo, chifukwa gemu yomwe imakuuzani kutero isanayambe. Yankhani mafunso 7 aja moona mtima, osati posaka munthu wamphamvu. Pitani msanga kunyumba ya mfumu, lankhulani ndi aliyense, lembani zonse. Musathamangire mayankho okonzakonza a pa intaneti, chifukwa mukatero mwadzilanda gemu yonse. Gemuyi imakulolani kusunga pamene mwafika mukakhala kunja kwa mzinda, choncho adhana ikamveka kapena mayi akaitana, palibe chifukwa chonenera kuti dikirani pang'ono. A Fomu 2 ndi Fomu 4 amene mayeso a JCE ndi MSCE ali pakhomo, Britannia yadikira kuyambira 1985, idikiranso mpaka mutalemba pepala lomaliza.

Kwa inu makolo: gwirizanani ndi mwana za maola tchuthi chisanayambe, ikani kompyuta poonekera, ndipo tsiku lina mufunseni kuti anamulipira zingati mayi wosaona uja. Yankho lake, ndi mmene adzayankhire, zidzakuuzani ngati nthawi imene mwamupatsa ikupindula.